Ine ndi apongozi pa mipando iwiri

Galimoto yangayo ili ndi mipando iwiri basi. Anaipanga ku Amereka ine ndisanabadwe, yoti mnyamata ndi chibwenzi chake azikapitidwa mphepo, denga atalipindira kumbuyo. Ndinaipeza m'khola la mlimi wina kufupi ndi tauni ya Loughborough, kuno kwa azungu kumene timakhala, nkhuku zikuikira mazira pampando. Kwa zaka zambiri ndinkati ndikaweruka kosamalira okalamba, ulendo wa ku galaja kukapala dzimbiri. Nditamaliza kuikonza inali yofiira kuti psuu, chiwongolero kumanzere, injini ikulira ngati nkhunzi. Ndinkaikonda koopsa, ndisaname.

Ndiye inu, tsiku lomwe apongozi anga aakazi anafika kuchokera kumudzi! Mkazi wanga anaitanidwa mwadzidzidzi ku shifiti, n'kutenga galimoto yathu ya masiku onse. "Mukawatenge amayi ku depoti ya basi," anatero pafoni. Paja kwathu mkamwini sayandikana ndi apongozi, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ine ndi matama angawa ndinaliza chofiiracho, za mipando n'kuzikumbukira nditafika kale.

Ndinanjuta pakonkire kuwalonjera, azungu akutilambalala. Iwo anasuzumira m'galimoto kufuna mpando wakumbuyo. Kunalibe. Anakhala pambali panga, phewa lawo litatsala pang'ono kukhudza langa, n'kufunda chitenje mpaka kumaso. Ndinati nditseke denga kuti tibisale, nalo linakana, chitsiru cha denga!

Pa Belgrave Road magalimoto anali atathithikana. Anthu ankatijambula ndi mafoni, anyamata akuimba mluzu. Pa maloboti mayi wina wa kutchalitchi kwathu anatiwona, n'kugwira pakamwa. Mayo ine! Thukuta linali kamukamu chonsecho kunja kukuzizira. Ndinachita manyazi osaneneka, ndipo ndinadziwa kuti ulemu umene apongozi ankandipatsa wathera pamsewu pomwepo.

Titafika kunyumba ndinakadzitsekera kukhitchini, osafuna ngakhale kutsokomola. Mkazi wanga atabwera, ndinawamva apongozi akulankhula naye mokweza kuti ine ndimve, poti umu ndi momwe amandiuzira zinthu.

"Ndili mtsikana, galimoto zoterezi zinkatithira fumbi pamsewu wa ku esiteti, ife nkhuni zili pamutu. Ndinkangoti kaya okweramo amamva bwanji. Uwauze amuna akowo, Lamulungu andiperekeze kutchalitchi pa yomweyi. Koma ayendetse pang'onopang'ono. Lero chitenje chinanditchinga, sindinawone kalikonse."