Buluku Louma la Ba Jairos

Ba Jairos a ku Maramba anakhala zaka zambiri akubwereketsa maambulera kwa alendo pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ankadzitama kuti pa anthu onse ofika pamenepo, iwo okha ndiwo ankabwerera kwawo ali ouma ngati chikuni. Ndiye mu 1994 sitiroko inawagwetsa, n'kuwasiya akukoka mwendo wamanzere. Choipitsitsa, mkodzo unaleka kupempha chilolezo.

Anesi anawauza kuti aziyenda tsiku ndi tsiku, apo ayi mwendowo sudzadzukanso. Bamboyo anakana kwamtuwagalu. Munthu wotchuka ndi kuuma akaoneke ndi chigamba chonyowa pabuluku pakati pa msika? Anadzitsekera m'nyumba ndi manyazi awo, mwendo ukungowonda.

Akazi awo, Ba Clementina, amake Brian, sanabadwe ndi mtima wonyengerera.

"Nyamukani, tiyenda ku Falls," anatero. "Kuja kulibe munthu wouma. Ni ndani azaziba kuti aya ni manzi ya Zambezi, aya ni yanu?"

Unali mwezi wa Epulo, mathithi akulavula madzi ngati mvula yamkuntho. Pamlatho woyang'anizana ndi mathithiwo azungu, masisitere, ana asukulu, onse anali atanyowa kuyambira tsitsi mpaka nsapato. Ba Jairos anatsimphina pakati pawo opanda ambulera, akuseka koyamba chidwalireni. Kuchokera apo ulendo wa ku mathithi sunawaphonye, ndipo mwendo unayamba kumvera.

Koma Okutobala atafika mathithi anaphwa, kunangotsala miyala. Ba Clementina sanagonje. Anayamba kuyenda ndi chigubu cha madzi m'chitenje. Akangoona amuna awo aima njo, maso atatong'oka, ankawakhuthulira chigubu chonse n'kufuula kuti anthu amve: "Sorry ba Jairos, chigubu chanitaika!"

Tsiku lina masana Ba Jairos anaima njo panjira. Anali atangozindikira kuti chichokereni kunyumba m'mawa sanadonthe ngakhale pang'ono. Asanatsegule n'komwe pakamwa, madzi khuthu!

"Amake Brian!" anakuwa bamboyo, buluku likudontha. "Nenze wouma! Lelo nenze wouma, manje mwaononga umboni!"

Ba Clementina anayang'ana buluku, anayang'ana chigubu, n'kukhala pansi pafumbi, akuseka misozi ili mbwembwembwe ndi chimwemwe.

Mawa lake chigubu chinatsala kuseri kwa chitseko. Awiriwo ananyamuka, mitima ili m'mwamba, ndipo Ba Jairos ndiwo anasankha njira yodutsa pakati penipeni pa msika wa Maramba.