Mbale Imene Inathetsa Ukwati wa Dailes

Dailes wa kwa Maganga anali mlimi wa mpunga, wosauka ngati anzake onse, koma mawu anali nawo. Akagwira munsi n'kuyambitsa nyimbo, amayi a pamitondo ina ankasiya zawo n'kumamuvomera.

Mwamuna wake Luka anapita ku migodi ya ku Joni nkhondo itangotha, atavala buluku lobwereka kwa Yakobo, mlongo wake wa Dailes. Dzinja linkabwera n'kupita, Luka osaoneka. Amuna ena anamufunsira Dailes, iye anawakana onse. Ankafuna Luka wakeyo abwere.

Mwambo wathu ndi wakuti zimene mkazi waimba pamtondo si mlandu. Kaya wanyoza mwamuna, kaya apongozi, mawuwo amauluka ndi mankhusu. Choncho Dailes ankaimba, misozi ili m'maso:

"A Luka ku Joni mwatchona,
buluku n'la eni, bwezani!"

M'chaka cha 1950 kunafika mzungu wina pa lole, ali ndi makina otola mawu. Womasulira wake anati, "Amayi, sinjani monga mwa masiku onse." Dailes anasinja, naimba nyimbo yake ija. Atamva mawu ake akutuluka m'bokosi anaseka mpaka kukhala pansi. Palibe anamuuza kumene mawuwo ankapita, ndipo iyenso sanafunse.

Nyimboyo anaidinda pa mbale ya galamafoni ku Joni komweko. Dzina la woimba sanalembepo, anangoti akazi a ku Salima. Koma dzina la Luka linali m'nyimbomo, ndipo m'komponi yake munali anthu a kwa Maganga. Lamlungu lililonse ankaipukusa mbaleyo, n'kumamukuwiza kuti avule la eni.

Patapita zaka, kunamveka kuti Luka watsika sitima pa Salima. Dailes anazira nyumba, nasinja mpunga woyera. Luka anafika atavala suti, galamafoni atamanga panjinga. M'nyumba sanalowe. Anaitanitsa ankhoswe, naliza mbale ija pabwalo mpaka kumapeto.

Yakobo, amene anali nkhoswe ya Dailes, anati, "Alamu, za pamtondo sitiitanirana ankhoswe. Ngakhale amayi anu ankawaimba bambo anu."

"Ya amayi inkathera pamtondo pomwepo," anayankha Luka. "Iyi inandipeza pansi pa mgodi. Ngakhale Mshangani wosamva Chinyanja ankandikoka buluku."

Dailes anagwada. "Bambo, ine ndinkakuitanani. Simunamve kuti ndinkalira?"

"Ndinamva. Joni yense anamva."

Anapisa m'chikwama, natulutsa buluku lija, lakutha m'mawondo, naliponya pamapazi pa Yakobo.

"Anati ndibweze za eni. Buluku lanu ilo, alamu. Mlongo wanunso uyo."

Ukwati unathera pamenepo. Mpunga uja unadyedwa ndi ana a Yakobo.

Luka anakwatira mkazi wina, Enifa, natsegula tiyirumu pafupi ndi siteshoni. Mbale imene ankati inamuchititsa manyazi ndiyo inkadzaza mabenchi ake. Tsopano ankaseka nawo, chifukwa wosekedwa sanalinso iye. Dailes akamapita kumsika ndi mpunga pamutu, njira inali yomweyo, ndipo ankadzimva yekha akuitana mwamuna amene anali pakhomo pomwepo akutsanulira anthu tiyi.

Tsiku lina anaima, natula dengu.

"A Luka, chonde, iphwanyeni."

"Ndiphwanye?" Luka anatembenukira anthu omwa tiyi aja. "Abale, mwini nyimbo ndi uyu! Mayi, tatiimbireni yamoyo, singano ya galamafoni yanga ipumeko."

Anthu anaseka. Dailes anasenza dengu lake.

Kuyambira tsiku limenelo ankasinja duu, munsi wokha ukulira. Atsikana akamupempha kuti ayambitse nyimbo, ankati pakhosi pamupweteka. Anamwalira mu 1958 ndi chifuwa, ku nyumba ya Yakobo. Amayi ena amene anafika pamaliro mochedwa, pochokera kumsika, anati podutsa pa siteshoni anaisiya mbale ija ikulira.