Suti ya bambo a Tadala aisandutsa chidole

Mwaswera bwanji nonse.

Pobwera kuntchito masana ano, ndapeza munthu atakhala pabalaza, atavala suti ya malemu bambo a Tadala. Ndangokhala pansi pakhomo pomwepo.

Kani ndi chidole. Mwana wanga Tadala ndi anzake akuno ku Thamesmead aidzaza manyuzipepala kuti idzaopseze anthu paphwando la Halowini Loweruka, phwando lomwe ndinavomera ndekha. Pachifuwa athirapo utoto wofiira ngati magazi. Ndi suti yomwe malemuwo anavala tsiku lomwe tinatsika ndege kubwera kuno.

Nditamufunsa Tadala, wangoti, "Mami, imangokhala muwadilopu, palibe amaivala."

Utotowo sukuchoka. Abale anga, inu mungatani? Ndiletse phwandoli, kapena ndimusiye? Bambo ake pomwalira, iye anali ndi zaka zinayi zokha, ndipo lero ndadziwa kuti sakuwakumbukira.