Chidole Chimene Anachilemba Maso

Kho Siu-luan anakulira m'fungo la phala lomatira mapepala. Bambo ake ankamanga nyumba za akufa m'mudzi wa pakati pa maiwe a nsomba, kumpoto kwa mzinda wa Tainan, ndipo iye anadziwa kung'amba nsungwi asanadziwe kulemba dzina lake. Nyumbazo n'zamapepala, zamakonde ndi mipando yake, ndipo pakhomo pamaima zidole ziwiri, mnyamata ndi mtsikana, zoti zikatumikire wakufayo. Zonse amazitentha pa mwambo wa maliro kuti mwini wake akazipeze kumene wapita.

Bambowo anali osalankhulalankhula, koma malamulo awiri ankawabwereza. Chidole sachilemba maso chili m'nyumba. Maso amalemba wansembe, moto uli pafupi, chifukwa chikapenya msanga chimalowedwa ndi mizimu yongodutsa. Ndipo nkhope ya munthu wamoyo saiumba papepala, poti mzimu ukaona thupi lachiwiri umasochera.

Atamwalira bambowo, ntchito inatsalira Siu-luan ndi mlongo wake wamkulu, A-Tiong, munthu wa nthabwala. Mwamuna wa Siu-luan anapita kukagwira ntchito kumpoto n'kuiwala njira yobwerera. Anamusiyira mwana mmodzi wamkazi, Wan-ju.

Chaka chimene mvumbi unakhalitsa mpaka makoma kumera nkhungu, Wan-ju, ali kusekondale, anayamba kutuluka magazi m'nkhama. Madokotala anati ndi matenda a m'magazi, ndipo anamugoneka. Mankhwala anathothola tsitsi lake lalitali. Akati awerenge, zilembo zinkayandama.

"Amayi, mundiwerengere," anatero tsiku lina, akukankha buku lochindikala lomwe iye anali atalifikitsa pakati asanadwale. "Muyambire poyamba."

"Ine? Ndimawerenga ngati njati yowoloka matope."

"Ndilibe kothamangira."

Siu-luan anasiyira sukulu panjira ndipo buku lankhani anali asanaligwirepo. Anayamba ndi chala pamzere. Linali buku la achinyamata, lonena za chilumba cha mchere kumene anthu amaweta mphepo ngati mbuzi. Woweta wake anali mtsikana dzina lake Lo-yin, wa diso limodzi lakuda ndi lina lotuwa ngati phulusa, ndipo lotuwalo linkaona anthu amene anamira. Mnzake anali mnyamata wabodza amene ankasanduka kakowa nyanja ikadzaza.

Mango asanapse, nkhaniyo inali itamugwira Siu-luan.

"Mnyamata ameneyu ndi tambwali," ankatero, akutseka buku mwaukali. "Bambo ako enieni."

"Amayi! Ndi amene ndimamukonda ine."

"N'chifukwa chake ndikukuchenjeza."

Wan-ju ankaseka mpaka kutsokomola. Kunyumba, A-Tiong ankanamizira kusalabadira, koma popala nsungwi ankafunsira m'mbali: "Ndiye kakowa wanu uja wabweza nyale imene anaba?"

Mango anatha. Nyenje zinalira mpaka makutu kuwawa, kenako unakwana mwezi wachisanu ndi chiwiri, pamene zipata za akufa zimatseguka. Anthu anaika matebulo a chakudya pakhomo, ana analetsedwa kusambira, ndipo womva dzina lake likuitanidwa kumbuyo sankatembenuka. Ndi mwezi wa ntchito yambiri kwa omata mapepala. Ndi mwezi womwewo umene Wan-ju anafooka n'kusamutsidwira m'chipinda chayekha, kuseri kwa galasi, kumene ankalankhulana ndi amayi ake pafoni akuonana.

Masana ena mpweya unangoti zii. Atombolombo ankauluka chapansi pamaiwe, ndipo wailesi inkanena za namondwe. Siu-luan ankamata chidole chachikazi, koma mtima wake unali m'buku, pomwe dzulo lake anasiyira Lo-yin akulowa yekha m'phanga la pansi pa nyanja. Manja ankangodziyendera. Anachiveka malaya obiriwira a oweta mphepo. Anachimangira chingwe m'chiuno.

"Siu-luan." Anali A-Tiong, ataima pakhomo. M'mawu mwake munalibe nthabwala. "Ika burashiyo pansi."

Anayang'ana chimene chinali m'manja mwake, ndipo nacho chinamuyang'ana. Diso lakuda, diso lotuwa, inki isanaume. Kenako anaona chibwano chosongoka, kadontho kakuda pansi pa mlomo, tsitsi lofika m'chiuno. Nkhope ya Lo-yin anali asanaionepo. Nyengo yonseyi, powerenga, ankaona nkhope ya mwana wake.

Anaika burashi pansi.

"Tichitenthe msanga," ananong'ona A-Tiong.

"Kutentha ndi kutumiza, achimwene! Mukufuna ndimutumize ndekha?"

"Ndiye ching'ambe."

"Ching'ambeni inuyo."

A-Tiong anatambasula dzanja, n'kulibweza. Kuchisunga nako kunali kusiya khomo lotsegula m'mwezi umene alendo osaoneka adzaza m'misewu. Anangochifunditsa nsalu yofiira. Pomwepo foni inalira. Anali namwino: thupi la Wan-ju latentha kwambiri, abwere.

Siu-luan sanathe kuchisiya chokha chidolecho. Anachiika m'katoni n'kukwera njinga yamoto, epuloni ya ntchito idakali m'thupi, iye amene nthawi zonse ankasintha zovala asanapite kuchipatala kuti fungo la maliro lisamutsatire. Mphepo inali itayamba. Phulusa la ndalama zamapepala zowotchera mizimu linkazungulira mumsewu n'kumamumata kumaso. Pamlatho anamva ngati wina waitana dzina lake kumbuyo. Anakukuta mano osatembenuka. Katoni inali pakati pa mapazi ake, yopepuka kwambiri, ndipo kupepukako n'kumene kunkamuopsa.

Kuseri kwa galasi Wan-ju ankaoneka wamng'ono, milomo itang'ambika. Ananyamula foni movutikira.

"Mwabisa chiyani m'katonimo?"

"Palibe."

"Mwabwera ndi epuloni, amayi. Ndioneni."

Siu-luan anaganiza zonama, koma analibe mphamvu. Anayang'ana uku ndi uku, popeza achibale a odwala ena akanachiona akanamuthamangitsa, n'kuvundukula nsalu pang'ono. Wan-ju anakulira m'nyumba ija ndipo malamulo a agogo ake ankawadziwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Amayi ake anaona mantha akudutsa pankhope yake ngati mthunzi wa mbalame pamadzi.

"Mwalakwitsa," anatero Wan-ju potsiriza.

"Ndikudziwa, mwanawe. Manja anga awa..."

"Ayi. Mwamulakwitsa Lo-yin. Mphuno yake ndi yokhota, anathyoka ali mwana. Zili m'mutu woyamba, mwaiwala? Ndipo m'phanga muja mchere ukamuwotcha tsaya lonse lamanzere. Tsitsi akalidula yekha ndi chigoba cha nkhono."

"Wandiululira nkhani, mwana woipa iwe," anatero Siu-luan, misozi ikutsika.

"Konzani. Ndikuyang'ana."

M'thumba la epuloni munali lumo, kabotolo ka phala ndi tizidutswa ta mapepala. Anakhala pansi, msana utatchinga njira, n'kuyamba. Kudula tsitsi kunali ngati kudula la mwana wake kachiwiri.

"Lifupike ndithu. Musachite ulesi. Mphunoyo ikhotere uko. Kadontho kangako kachotseni, n'kanga."

Anamatapo pepala lofiirira kuchokera pansi pa diso mpaka kuchibwano, kadontho n'kukwiririka. Mazenera a chipatala ankagwedezeka. Atakweza chidolecho, nkhope inali ya mlendo, yaukali, yosakongola, ya munthu amene sanadyepo mpunga wa m'nyumba mwawo.

"Ndi ameneyo," anatero Wan-ju, maso akutsekeka. "Muuzeni dzina."

Wansembe asanatenthe zidole amaziuza dzina ndi amene zikamutumikire. Siu-luan sanali wansembe, koma anaika pakamwa pa khutu lapepala.

"Ndiwe Lo-yin wa kuchilumba cha mchere. Kuno ulibe m'bale. Usaitane aliyense."

Kutentha thupi sikunatsike tsiku limenelo. Namondwe anagwetsa nthochi ndi kusefukiritsa maiwe, ndipo Siu-luan anakhala pabenchi, katoni pamiyendo, osayerekeza kugona. Mphepo itatha, namwino anatuluka n'kunena kuti mtsikanayo akufuna phala la mpunga. Madokotala anati ndi mankhwala atsopano. A-Tiong anati ndi mphuno yokhota ija.

Chidolecho chilipobe pashelefu yapamwamba, nsalu yofiira ili kumaso. A-Tiong amachipatsa moni m'mawa uliwonse, mwaulemu, mosaseka. Utsi wa moto wa anthu ena ukalowa pazenera, Siu-luan amadzuka kukatseka.

Mphepo yozizira ya kumpoto itafika, eni maiwe ataphwetsa madzi ndipo akakowa atadzaza m'matope, anafika pamutu womaliza. Wan-ju anali atachoka kuseri kwa galasi koma adakali m'chipatala, ndipo madokotala sankalonjeza kanthu. Pamenepa ngakhale iye sankadziwa mathero. Siu-luan anagwira tsambalo osalitembenuza, akuopa kuti mtsikana amene anamupatsa maso ndi manja ake afera pamilomo yake.

"Werengani, amayi. Njati yatopa?"

Anawerenga. Lo-yin anaima m'bwato, chingwe cha mphepo chitaduka, kakowa atasowa mu nkhungu, ndipo nkhani inalekera pomwepo. Kuseri kwa tsamba analemba kuti buku lachiwiri lidzatuluka mitengo ikadzayamba maluwa.

"Akuba!" anatero Siu-luan. "Munthu n'kusiya mwana wa eni pakati pa nyanja?"

Wan-ju anaseka, dzanja lake lowonda lili pachikuto.

"Ndiye kuti ndidikira."

Siu-luan anayang'ana panja. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inali isanathe n'komwe kuyoyola masamba.

"Udikire ndithu," anatero. "Pandekha sindingaliwoloke."