Phale lomwe munandiletsa kutola m'munda wa tiyi

Amayi, lero mwandibwerera m'maganizo chifukwa cha kavidiyo ka pafoni. Akuonetsa akatswiri ofufuza zakale akuyenda m'mapiri a Andes ku Peru, maso pansi, kutola mapale kuti adziwe pomwe anthu amakedzana ankamanga midzi yawo. Ndaseka ndekha, ndati ntchito imeneyitu ikanakukwiyitsani. Mukukumbuka tsiku lija tikuchokera kutchalitchi, tinadzera chidule m'munda wa tiyi wa kuesiteti, mvula itangokokolola nthaka? Ndinaona phale la timizere tokongola m'mphepete, n'kuliponya m'chikwama. Inu munaima nji. "Iwe, bweza. Pano ndi pabwinja, agogo ako anabadwira pompano tiyiyu asanabzalidwe. Ukatenga, eni ake adzadziwa bwanji kuti kwawo ndi pano?"

Ndinabweza monyinyirika, osafunsanso kanthu. Lero mafunso andichulukira, Amayi. Nyumba zinayang'ana kuti? Madzi ankatunga kumtsinje uti? Anaumba mphikawo ndani, nanga timizere tija tinali chizindikiro cha banja lathu kapena luso lake chabe? Mdzukulu wanu anandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti, ine ndinangoloza phiri lonse la Thyolo. Chimwalirireni inu ndapitako kangapo, koma mizere ya tiyi imangofanana, malo aja sindikuwapeza. Mvula ikayamba ndikweranso basi ya ku Thyolo, ndikayende maso pansi ngati anthu a ku Peru aja. Ndikakalipeza phale lija, musadandaule, sinditola. Ndidzangobwera naye mwanayu adzaone kwawo.