Mendulo ya nkhondo ya ku Algeria

Madala oyandikana nafe kuno ku Roubaix, m'dziko la France, sakonda kukamba za nkhondo ya ku Algeria imene anakamenya ali msilikali wa France. Ukawafunsa amangoti, "Fumbi lokhalokha kumeneko," n'kupitiriza kudyetsa nkhunda zawo. Masana aliwonse amakasewera makadi kwa a Lounès, nkhalamba inzawo yochokera ku Algeria komweko, ndipo amanyozana ngati anyamata.

Chaka chatha ameya anawaveka mendulo ya nkhondoyo. Pochoka kumwamboko madalawo anapita ku makadi osavula jekete, menduloyo ili pachifuwa.

"Lero ndiye mwatchena, achimwene," anatero a Lounès. "Kachitsuloko n'ka kwathu?"

"Ka kwanu."

"Munali dera liti?"

Madalawo anatchula mudzi wina wa kumapiri. A Lounès anasiya kugawa makadi.

"Kumeneko n'kwawo kwa mayi anga. Asilikali anatentha nyumba zonse."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Kenako a Lounès anasonkhanitsa makadi n'kuwatsegulira chitseko.

"Mawa mubwere osavala chimenecho," anatero. "Pali anthu a m'mudzimo amene ndikufuna mundiuze kumene anapita."

Mawa lake madalawo anapitadi.