Sitima ya Pakhoma la Mayi Giok-lan

Tu Kim-hok wakalambira m'kashopu kake ka mumzinda wa Tainan, kusindikiza zithunzi ndi kuziika m'mafelemu. Anayamba ndi za maukwati ndi za maliro. Masiku ano chimamudyetsa ndi zojambula za m'mabuku akale a chikondi a nthawi imene Ajapani ankalamulira dzikolo: mtsikana wa ambulera, mnyamata wa m'minda ya nzimbe, sitima padoko. Achinyamata amazigula kukapachika m'malo awo omwera tiyi, n'kumati kale kunali kokoma. Kokoma! Akafunse agogo awo mmene ndodo ya wapolisi inkakomera pamsana. Koma Kim-hok si wa mikangano. Amakulunga chithunzi, kuwerama, n'kuthokoza.

Chaka chimene kampani ina yadyera inagula mzere wonse wa nyumba zakale kuti imange zosanja, mayi ake, a Giok-lan, anasowa pokhala. Kim-hok anawachonderera kuti abwere kwake. Vuto linali loti iwo ndi mkazi wake, Siok-hui, sankamwerana madzi.

"Ndiyesa kaye," anatero gogoyo. "Zikandinyansa ukanditaye kunyumba ya okalamba. Kumeneko anthu amalipidwa kuti andipirire."

Kim-hok sankafuna kumva zimenezo. Anakumbukira chithunzi chimene chinkakhala kumutu kwa bedi la mayi ake chikwatiwireni, chodulidwa m'buku lomwe anaphunzirirapo kuwerenga: mwana wamkazi wa wapolisi wachijapani, atavala mkanjo wa kwawo wotchedwa kimono, akutsanzikana ndi mnyamata wa m'nzimbe, sitima ili kumbuyo kwawo. Chinyontho chinali chitachidya kalekale. Anafunafuna mpaka anachipeza m'buku lina, n'kusindikiza chachikulu, n'kuchipachika m'chipinda chimene anawakonzera.

Siok-hui atasuzumira anagwira m'chiuno.

"Bambo a Bi-ling, sitimayo yaloza kuti?"

"Kunyanja, nanga kuti?"

"Yaloza kukhomo! Sitima ya pakhoma imalowa m'nyumba ndi mwayi, situluka nawo. Zaka zonsezi mukupachika zithunzi, maso munawasiya kuti?"

Kim-hok anatsikira kushopu, n'kutembenuza chithunzicho pakompyuta kuti kumanja kukhale kumanzere. Sitima inaloza m'kati. Mkazi wake anakhutira.

Tsiku losamuka, a Giok-lan analowa m'chipindamo ndi phukusi lawo, anayang'ana pakhoma, ndipo nkhope inagwa.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi. Ndi chithunzi chanu chija."

"Pa changa mtsikanayu anali wamoyo. Iwe Kim-hok, munthu wamoyo akavala kimono, mbali yakumanzere imakhala pamwamba. Yakumanja amaiika pamwamba poveka mtembo. Wandipachikira maliro kumutu kwa bedi! Ukanangondigulira bokosi, sindikanavutika kukwera masitepe."

Kim-hok anabadwa Ajapani atapita, ndipo sukulu za masiku ake zinkaphunzitsa ana mitsinje ya kutali m'malo mwa zimene amayi awo anaziona ndi maso. Makimono anasindikiza osawerengeka, koma pachifuwa anali asanayang'anepo.

Gogoyo anakakhala pampando wa pakhomo, phukusi pamiyendo, nsapato kuphazi. "Itana galimoto," anatero.

"Amayi, imwani kaye tiyi," anayesa Siok-hui.

"Tiyi wa pamaliro anga? Zikomo, mpongozi."

Kim-hok anathamangiranso kushopu, n'kusindikiza chithunzicho monga anachijambulira mwini wake. Anabwera nacho ali wefuwefu, n'kuchikweza pamsomali uja. Mtsikana anakhalanso wamoyo, koma sitima inalozanso kukhomo.

"Sindilola," anatero mkazi wake.

"Ndiye ndapita," anatero mayi ake.

Bambo wa imviyo anachitsitsa, n'kuima pakati pa akazi awiri, felemu m'manja, ngati mwana wogwidwa akuba maswiti. Mikono italema, anatembenuka n'kutsamiritsa chithunzicho kukhoma la kutsidya kuti apukute thukuta. Ali mkati mopukuta anaona chinthu, n'kusiya mpango uli pamphumi. Pakhoma limenelo, sitima yomweyo inaloza kuwindo, msana kukhomo. Kimono inali bwinobwino.

Anazula msomali uja, n'kukaukhoma kutsidyako.

A Giok-lan anadzuka pang'onopang'ono, n'kuvula nsapato. Anayandikira chithunzicho, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mnyamata uyu ankafanana ndi bambo ako," anatero. "Makutu okha."

Kenako anatembenukira kwa Siok-hui. "Mwamuna wakoyu wapachika mopendama."

"Ndimamuuza tsiku lililonse, amayi. Samva."

"Anali choncho ali mwana. Tabwera undithandize kumasula mfundoyi, zala zanga zakana."

Akazi awiriwo anawerama pa phukusi lija. Kim-hok anawongola felemu, ngakhale inali yowongoka kale, n'kupita kukatereka phala la mpunga ndi nsomba. M'mawa mwake, asanatsegule shopu, anayendera zithunzi zake zonse chimodzichimodzi, akuyang'ana pachifuwa.